Ukafuna kukhalitsa pa maiki, onera anthu a reggaeton

Aise ngati ukuyimba ndipo ukufuna dzina lako lizimvekabe zaka 20 zikubwerazi, tiye tione mmene anthu a ku Puerto Rico anachitira, poti nyimbo zawozi, zotchedwa reggaeton, zinayamba zikunyozedwa koopsa, mu 1995 apolisi amachita kulowa m'mashopu kukalanda makaseti ati ndi zolaula, koma lero ndi zomwe zikuvinidwa dziko lonse.

Yamba ndi kusachita manyazi ndi chilankhulo chako. Bad Bunny amalongedzera makasitomala katundu mu shopu ina ku Vega Baja, tauni ya ku Puerto Rico, kwinaku akuponya nyimbo pa SoundCloud, tsamba la pa intaneti loikapo nyimbo, atatchuka sanathawire ku Chingerezi ayi, anapitiliza Chisipanishi cha kwawo chomeza zilembo chija ndipo ndi iyeyo amene anthu anamumvera kwambiri pa Spotify mu 2020, 2021 komanso 2022. Ndiye ukalowa mu studio yimba mmene umayankhulira ndi anzako, producer akati sizigulika mufunse kuti kwa ndani. Akazi inu muoneni Ivy Queen, analowa mu gulu la The Noise zaka za m'ma 1990 muli amuna okhaokha, mawu ake okulu aja sanawachepetse kuti asangalatse munthu.

Koma nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya mapepala. Daddy Yankee anatulutsa chimbale cha Barrio Fino mu 2004 pansi pa kampani yakeyake, El Cartel Records, makampani akuluakulu amabwera kudzakambirana ndi mwini katundu osati waganyu. Iweyo usasayine contract usiku womwewo chifukwa akugulira mowa, pita nayo kunyumba, peza loya awerenge, funsa kuti nyimbozo mwini wake akhala ndani, kwa zaka zingati, nanga wopanga biti atenga zingati. Zonsezi zilembedwe musanatulutse nyimbo, chifukwa ikagunda ubale umavuta. Mafayilo oyambirira usunge malo awiri, osati mu kompyuta ya producer mokha.

Ukagwa usadzikwirire. Nicky Jam anatheratu ndi mankhwala ozunguza bongo, anasamukira ku Medellín ku Colombia, nkusiya zonsezo, nkuyambanso kuyimba m'mashowo ang'onoang'ono mpaka mu 2015 anabwerera pamwamba ndi nyimbo yomwe anayimba ndi Enrique Iglesias. Nthawi zina uyenera kuchoka pa malo ndi pa gulu lomwe likukumiza basi.

Za cholowa, uziyimba ndi ana atsopano iwe ukadali pamwamba, osadikira kuti uzikawapempha iwowo atakupitilira. Ndipo tsiku lotsanzika usankhe wekha. Daddy Yankee analengeza mu 2022 kuti akupuma, anazungulira maiko kutsanzika, nkukamalizira kwawo ku San Juan mu Disembala 2023 holo itadzaza, pomwe anauza anthu kuti moyo wake waupereka kwa Yesu.