Mmene mungadziwire wayilesi yomwe makasitomala anu amamvera musanalipire adiveti

Aliyense wogulitsa nthawi ya pa wayilesi amakuuzani kuti yawoyo ndiye imamvedwa chigwa chonse cha Shire kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka, inu ndi kashopu kanu ka mbewu ndi mankhwala a thonje pa Ngabu mwangotulutsa ndalama osadziwa ngati uthengawo ukufika kwa alimi anu. Ku America nkhani yomweyi ndi imene inalemeretsa kampani ya Nielsen, yomwe imawerenga anthu omvera wayilesi ndi oonera TV. Anaiyambitsa Arthur C. Nielsen ku Chicago mu 1923, kwa zaka ankawerenga katundu m'masitolo kuti aone zomwe zikuyenda malonda, kenako mu 1942 anayamba za wayilesi ndi kamakina kotchedwa Audimeter komwe ankakalumikiza ku wayilesi ya m'nyumba kuti kazilemba siteshoni yomwe yatsegulidwa, za TV zinabwera mu 1950. Kampaniyi yadutsa m'manja ambiri, ndipo mu 2022 inagulidwa pa madola pafupifupi 16 biliyoni. Ndalama zonsezo kugulira manambala basi!

Chinsinsi cha a Nielsen nchoti safunsa dziko lonse, amasankha nyumba zochepa zoimira ena onse, ndiye inunso ndi kope la sukulu ndi bolopeni mutha.

Yambani ndi kusankha nyumba, 30 kapena 40 zakwana, koma apa ndi pomwe ambiri amaphonya chifukwa amangofunsa anzawo a pa bawo ndi a kutchalitchi kwawo. Anzanu amamvera zomwe inu mumamvera. Gawani, ena a pa tradingi, ena a m'midzi ya mkati komwe magetsi kulibe, ena a kumadimba mphepete mwa Shire, amayi akhale theka, achinyamata omvera FM pa foni akhalemonso. Mukalowa m'mudzi dzerani kaye kwa amfumu, kenako muzidumpha nyumba zinayi nkulowa yachisanu osamasankha ya malata yokha. Ndipo nenani poyera kuti simukulemba maina a chithandizo, kuno munthu akaona kope amaganiza za ufa wa nthawi ya madzi osefukira ndiye adzakuyankhani chilichonse chokusangalatsani.

Funso lake lisakhale loti mumakonda wayilesi yanji, pamenepo munthu amatchula yotchuka, Zodiak kaya MBC, pomwe mwina tsiku lonse inali pa Gaka FM. Funsani kuti dzulo munamvera chani, nthawi yanji, pulogalamu yanji, mu Chichewa kapena Chisena, ndipo amatembenuza siteshoni ndani pakhomopo, poti bambo akapita ku shifiti ku Nchalo wayilesi ndi ya mayi ndi ana. Bwererani masiku 7 otsatana, Loweruka ndi Lamulungu zimasintha chifukwa cha mpira ndi mapemphero. Amene anena kuti sanamvere chifukwa mabatire anatha kapena sola sinatchaje, lembani momwemo, ndi yankho limenelonso.

Osapanga izi mu January kapena February, misewu imaduka anthu ali kalikiliki kumunda.

Kuwerengako nkosavuta, jambulani mizere, masiteshoni m'mbali, nthawi pamwamba, mbandakucha, masana, madzulo, usiku, muziika kamzere pa yankho lililonse. Bokosi lomwe ladzaza ndiye pokagula adiveti, ndipo mukapita kukanenerera mtengo tengani kopelo. Adiveti yanu ikayamba kuwuluka, aliyense wobwera pashopu mfunseni kuti mwamva kuti za ife, mulembe kumbuyo kwa kope lomwelo kwa mwezi wathunthu musanalipirenso kachiwiri.