Momwe mungaonetsere filimu ya okwera mapiri kwa anzanu kuno ku Joni osasekedwa

Lamulungu lomaliza la mwezi uliwonse timasonkhana m'galaja ya nyumba ina ku Turffontein kuonera filimu. Ndife anthu a kumudzi okhaokha, ambiri ogwira ntchito za m'nyumba, za m'magadeni ndi za m'mashopu, moti Lamulungu ndi tsiku lokhalo lomwe munthu amawongolako msana. Ndinayambitsa ndine, ndipo filimu ikakhala yoipa wonyozedwa amakhalanso ine. Anzathu a ku Cosmo City akhala akundifunsa kuti timachita bwanji, makamaka pa mafilimu a okwera mapiri, poti ndi amene amadzaza galaja mpaka ena kukhala pa makreti. Ndati ndilembe kamodzi, mafunso a pa WhatsApp andichepere.

Choyamba ndi malo ndi zida. Galaja imaposa balaza chifukwa ilibe mawindo, mukatsitsa chitseko masana asanduka usiku. Kambiranani ndi alandilodi pasadakhale ndipo muwaitane adzaonere nawo, munthu sadandaula phokoso lomwe iye ali momwemo. Nsalu yoonetserapo musagule. Shiti yoyera ya bedi lalikulu, yosita bwino, yokhomedwa ndi misomali inayi, ikwanira.

Pofunika maso ndi pa pulojekita. Mafilimu a m'mapiri ndi oyera okhaokha, chipale pansi, mitambo kumwamba, ndiye pulojekita ikakhala yofooka mumangoona shiti yanu yomweyo ndi timadontho takuda tikuyendayenda. Yanga yoyamba ndinaigula R450 pa shopu ina m'tauni, bokosi lake lolembedwa manambala oopsa. Chithunzi chake chinali mbuu ngati chifunga cha m'mawa ku Bvumbwe. Nditaibweza, mwini shopu anandiyang'ana ngati sanandionepo chibadwire. Yomwe tili nayo pano ndi yakale, yochoka mu ofesi ina, tinasonkherana n'kuigula kwa munthu wa pa Facebook. Mukamagula motero kumanani pagulu, ndipo ailumikize muione ikuwala ndalama zisanatuluke m'thumba. Sipika bwerekani ku tchalitchi kapena kwa anyamata oimba m'maukwati. Ya laputopu musaidalire, chifukwa theka la mantha a filimu yotere lili m'kulira kwa mphepo. Za mayunitsi a magetsi ndi kuona ndandanda ya lodishedingi sindichita kukuuzani.

Chachiwiri, filimuyo ikhale ili kale mu laputopu tsiku lisanafike, osati kudalira data pa tsikulo. Ena amayesa kulumikiza foni, koma mapulogalamu ngati Netflix nthawi zambiri amakana, mawu amamveka koma pa shiti pali bii. Laputopu ndi chingwe cha HDMI, nkhani yatha. Anyamata oika mafilimu pa flashi m'misewu ya m'tauni ndinasiyana nawo. Wina ananditengera R20, filimu yake inali yolankhula Chirasha, ndipo inathera pakati munthu ali lende pa chingwe. Mpaka lero achemwali ena amandifunsa ngati anatsika.

Chachitatu ndi kusankha filimu. Apa ndi pomwe ndinagwa chagada, choncho mundilole ndichedwepo.

Ulendo wachiwiri umene tinakumana ndinasankha Vertical Limit, ya mu 2000 ija. Ndinaionera ku vidiyo sho ku Ndirande ndili mnyamata, ndipo ndinkaikumbukira ngati filimu yoimitsa mtima. Sindinaionerenso ndekha, sindinafunsenso wina aliyense. Safunsa anadya phula. Nkhani yake ndi ya mtsikana amene wagwera mu mng'alu wa ayezi pa K2, phiri lachiwiri kutalika padziko lonse, la mamita 8,611, ndipo mlongo wake akutsogolera gulu lokamupulumutsa. Kuti akaboole potulukira, abereka kumsana zitini za nitroglycerin, mankhwala amene amaphulika ukangowagwedeza.

M'gulu lathu muli amalume ena a ku Mulanje. Pano amalondera pa fakitale ina, koma paunyamata wawo ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri kuchokera pa Likhubula. Mphindi zoyamba anakhala phee. Anthu a mu filimu aja atayamba kuthamanga pamwamba pa phiri, kukuwa, kukangana, nkhope zili pamtunda, amalume anatsokomola n'kunena kuti, "Mphwanga, taimitsani kaye. Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo ndafikapo kosawerengeka. Pamwamba paja munthu umayenda ngati nkhalamba, umalankhula mawu awiri n'kupuma. Awa mukuti akwera pafupifupi katatu kuposa pamenepo, nanga akuthamanga bwanji ngati akuthamangira minibasi ya ku Limbe?" Ndinayankha kuti, "Amalume, ndi filimu chabe." Iwo anati, "Ayi, pitirizani, ine ndimangofunsa."

Koma madzi anali atatayika kale. Kuyambira pamenepo aliyense anasanduka katswiri. Mlongo wa mtsikana uja atathamanga n'kudumpha chiphompho, tinkhwangwa tiwiri m'manja, n'kukakakamira pa khoma la tsidya lina, galaja yonse inafa ndi phwete. Pomwe wopanga filimu ankafuna kuti tigwire mitima, ife tinali kupukuta misozi ya kuseka. Ena ananyamuka isanathe, ndipo mwezi wotsatira tinabwera anthu asanu ndi awiri basi.

Kuchokera tsikulo filimu iliyonse ndimayamba ndaionera ndekha, ndikuyang'ana ndi maso a amalume aja. Mpweya ndiwo woyamba. Kupitirira mamita 8,000 munthu amakoka okosijeni wokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a amene amakoka ali m'mbali mwa nyanja yamchere, n'chifukwa chake okwera mapiri amati kumeneko ndi dera la imfa. Simufunika sukulu kuti mumvetse izi. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750, ndipo aliyense wochokera ku Nsanje kapena ku Chikwawa amakumbukira momwe chifuwa chinamuotchera tsiku loyamba kumenya mpira kuno. Ndiye ngati munthu wa mu filimu ali pafupi ndi nsonga ya Everest koma akuyala ziganizo zazitali ngati mlaliki wa chitsitsimutso, dziwani kuti anthu anu aligwira bodzalo. Yang'ananinso zala. Kuzizira kwa kumeneko kumadula zala ndi mphuno, ndiye wovula magolovesi n'kumagwira chitsulo popanda chomuchitikira akutinamiza. Nthawi nayonso imaulula. Wokwera Everest amatha milungu ingapo akukwera pang'ono n'kutsika kuti thupi lizolowere, sikuti atsika mu helikopita m'mawa, madzulo ali pa nsonga.

Chachikulu pa zonse ndi kuona kuti mdani mu filimuyo ndi ndani. Filimu ikati ikunena za phiri, kenako n'kuyamba kulowetsamo mabomba ndi munthu woipa mtima wobisira anzake mankhwala, ndiye kuti woipanga sakulikhulupirira phirilo kuti palokha lingaopse munthu. Ife amene tinakula tikumva za Napolo ndi za anthu osowa pa Sapitwa sitifunika wotithandiza kuopa phiri.

Sikuti ndikuletsa bodza. Cliffhanger ya mu 1993 inayenda bwino kwambiri, pamene mabodza ake ndi oposa. Sylvester Stallone akukwera thanthwe m'chipale atavala tisheti, ali ndi mfuti yokhomera zitsulo m'mwala yomwe okwera mapiri enieni alibe. Amalume omwe aja anaombera m'manja. Kusiyana kwake n'kwakuti filimuyi sinamizira kuti ikutiphunzitsa za mapiri. Ndi nkhani ya mbava zomwe zataya masutikesi atatu a ndalama, madola 100 miliyoni, ndipo phiri langokhala bwalo lomenyanirapo. Bodza lodziulula lokha anthu amalikhululukira, lomwe amakwiya nalo ndi lovala jekete ya choonadi. Komanso zina zake n'zenizeni. Munthu amene akuoneka akuyenda pa chingwe m'mwamba, kuchoka mu ndege ina kulunjika ku inzake, anachitadi zimenezo. Dzina lake ndi Simon Crane, ndipo analipidwa madola 1 miliyoni. Ndikawauza anthu zimenezi filimu isanayambe, amafika pamalopo ali zii.

Mbali inayo nayonso ili ndi dzenje lake. Nditapsa ndi Vertical Limit ndinathawira ku mafilimu a zochitika zenizeni okhaokha, ndipo imodzi, ya anthu ongokhala pa mipando n'kumafotokoza za zingwe ndi nyengo, inagonetsa theka la galaja. Munthu amene wakolopa nyumba ya abwana sabata yonse sabwera kudzamva phunziro. Pafunika filimu yoona koma yogwira pakhosi. Ziwiri zomwe sizinandigwiritsepo mwala ndi izi.

Everest ya mu 2015 ikufotokoza za ngozi ya pa 10 ndi 11 May 1996, pomwe anthu asanu ndi atatu anafa. Mulibe mfuti, mulibe mbava. Mphepo yamkuntho inabweradi, koma chinawaika m'njira yake ndi kuchedwa. Lamulo linali lakuti ikakwana 2 koloko masana aliyense atembenuke, koma mtsogoleri Rob Hall anadikira kasitomala wake Doug Hansen, amene anafika pa nsonga cha m'ma 4 koloko. Pamene Hall akulankhula pa foni ndi mkazi wake woyembekezera ali ku New Zealand, iye atalephera kutsika, amayi a m'galaja analira ngati maliro ndi apachibale. Ndimawauzanso kuti nyengo yomweyo pa phiripo panali gulu la ku South Africa, ndipo Cathy O'Dowd, wa mu Johannesburg momwe muno, anafika pa nsonga pa 25 May.

Inayo ndi Touching the Void ya mu 2003, nkhani ya Joe Simpson ndi Simon Yates pa phiri la Siula Grande ku Peru mu 1985. Simpson anathyoka mwendo potsika, mnzake n'kumamutsitsa ndi chingwe pang'onopang'ono mpaka anakalendewera pa phompho kuli mdima. Yates, ataona kuti nayenso akukokedwa, anadula chingwe. Simpson sanafe. Anakwawa masiku atatu mpaka pa msasa. Nkhani yotere mukanaipeka anthu akanati mwanyanya, koma eni ake onse awiri akuoneka akufotokoza okha. Tsiku limenelo mkangano wakuti "iwe ukanadula kapena ayi" unapitirira mpaka pa siteji ya matekisi. Amalume, amene ndinkayembekeza kuti amudzudzula Yates, anangoti, "Akanapanda kudula, maliro akanakhala awiri."

Chachinayi, pezani womasulira. Si onse amamva Chingerezi cha munthu wolankhula atatseka kukamwa ndi chopumira, ndipo mu Everest anthu akavala majekete ndi magalasi onse amafanana. Wathu ndi mnyamata wina wa ku Zomba. Ntchito yake ndi kutchula kuti uyu ndi uja wothyoka mwendo, ndi kufotokoza pomwe nkhani yakhota, basi. Asachite za anyamata a kumudzi omasulira mafilimu aja, oika nthabwala paliponse mpaka munthu akufa iwo akumuseka. Pa Cliffhanger mungamulekerere, koma pa filimu ya zoona, pomwe pali chete pasiyeni chete. Musanayambe tengani mphindi ziwiri kuuza anthu kuti iyi ndi yopeka kapena inachitikadi. Ine ndimatchulanso anthu akuda a ku South Africa, Sibusiso Vilane, amene anafika pa nsonga ya Everest mu 2003, ndi Saray Khumalo mu 2019, chifukwa sipalephera kupezeka wina wonena kuti izi ndi za azungu osowa chochita.

Zotsalazo mukuzidziwa. Chopereka ndi R10 munthu, ya mayunitsi ndi mbuliwuli. Mpando aliyense abwere ndi wake. Ana akhale kutsogolo, koma mphindi zoyamba za Cliffhanger, pomwe mayi wina akupulumuka m'dzanja la Stallone n'kugwera kuphompho, si za ana. Yambani 2 koloko kuti pofika 5 anthu akhale ali m'matekisi, makamaka mu June ndi July pomwe kumada msanga ndipo galaja imazizira, aliyense atenge bulangeti. Sipika ya tchalitchi ibwerere tsiku lomwelo.

Mwezi uno tikuonera Free Solo, ya Alex Honnold amene anakwera thanthwe la El Capitan, la mamita pafupifupi 900, popanda chingwe mu 2017. Ndaionera kale kawiri. Amalume akuti abwera ndi mpando wawo ndipo akhala kutsogolo.