Kulemba driver ya SD pa chip chatsopano mu Linux

Mwafunsa poyambira kulemba driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) ya controller ya SD, gawo la chip chanu lolankhula ndi khadi la SD.

Choyamba tsegulani datasheet, buku lofotokoza chip chanu, muone ngati controller ikutsatira SDHCI, muyezo wodziwika wa ma controller a SD. Ikamatsatira, musadzivutitse: mangani pa sdhci-pltfm, code yokonzeka kale mu kernel (mtima wa Linux), mungowonjezera ma quirk (zokonza zapadera) pomwe chip chikupatuka pa muyezowo. Ntchito yaikulu anthu anagwira kale mu drivers/mmc/host.

Ngati sikutsatira, driver mulemba nokha: mu device tree (fayilo youza kernel zipangizo zomwe zilipo) lembani node ya controller, yokhala ndi compatible, reg, interrupts, clocks ndi bus-width. Mu probe, function yoyambitsa driver, itanani mmc_alloc_host, kenako mmc_of_parse, ndipo mmc_add_host ibwere pomaliza penipeni, interrupt (chizindikiro chomwe controller imaitanira CPU) itakonzeka, chifukwa kernel siyichedwa kuyamba kufufuza khadi.

Kenako lembani function ya set_ios, yoyatsa magetsi a 3.3V ndi kusintha clock, chizindikiro chopereka liwiro. Apa mpamene ambiri amagwa. Pozindikira khadi clock isapitirire 400 kHz. 25 kapena 50 MHz zimabwera pambuyo. Divider (nambala yogawira clock) ikalakwika, CMD8 ndi ACMD41, ma command ozindikirira khadi, sizidzayankhidwa, dmesg (mauthenga a kernel) ingodzaza timeout. Pimani pini ya CLK ndi oscilloscope, musakhulupirire masamu anu okha.

Mu function ya request tumizani command ku khadi, werengani yankho, mutseke ndi mmc_request_done ngakhale zitalephera, apo ayi zonse ziima. Samalani ndi yankho la mtundu wa R2, la mabiti 136: ma controller ena amachotsa CRC (mabiti oonera zolakwika), ndiye muyenera kusuntha mabiti ndi 8.

DMA (kusamutsa data osadzera pa CPU) idikire kaye. Yambani ndi PIO (CPU kusamutsa data yokha) mpaka /dev/mmcblk0, dzina la khadi mu Linux, iwoneke, kenako yesani ndi mmc_test, driver yoyesera, pa khadi lopanda kanthu, poti imafufuta zomwe zilimo.