Kulondola mzungu wa m'banja mwanu: yambirani pakhonde, Zomba ibwere pambuyo

Agogo anga aakazi anali oyera kwambiri, ndipo tsitsi lawo lofewa lija ankalibisa mu duku ngati chinthu chakuba. Ku Ndirande komwe tinakulira anthu ankangoti ndi akaladi, iwo osayankha kanthu. Bambo awo anali mzungu wa pa esiteti ya fodya ku Thyolo. Zomwe ankadziwa za iye zinali zitatu basi: dzina lomwe antchito anamupatsa chifukwa cha ndevu zake, mtsinje womwe unadutsa kumunsi kwa nyumba yake, komanso kuti tsiku lina anakwera sitima osabwereranso. Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndinaganiza zomulondola munthuyu. Zanditengera zaka zinayi, ndipo chaka chathunthu mwa zimenezi ndinachitaya chifukwa choyambira kolakwika.

Ndinathamangira ku Zomba, ku National Archives, nditanyamula dzina la ndevu lija. Kumeneko mafayilo amasungidwa potengera dipatimenti ya boma ndi chaka, ndipo palibe kalaliki wa atsamunda amene analembapo mzungu mnzake ndi dzina lomwe ankamutchula olima fodya. Ndinabwerera ndi fumbi lokha m'manja. Pomwe ndinkazindikira kuti ndinayenera kuyambira kwa azakhali a mayi anga, iwo n'kuti atayamba kale kuiwalaiwala.

Choncho yambirani kwa amoyo, makamaka amayi achikulire. Kuno kummwera mwana ndi wa mbumba ya mayi ake, ndiye nkhani ya mwana wa mzungu inatsala kuchikazi, kwa azakhali ndi amalume. Pitani ndi shuga ndi sopo, mukhale pamkeka, musafike ndi pepala la mafunso ngati a kalembera. Pemphani kaye musanayatse foni kuti ijambule mawu. Ndipo musafunse kuti "chinali chaka chanji?" chifukwa adzangokuponyerani chaka chilichonse kuti musangalale. Funsani motengera zochitika. Pa nkhondo ya Chilembwe anali atabadwa? Imeneyo ndi Januwale 1915. Amuna akugwidwa kukanyamula mtengatenga pa nkhondo ya Jeremani, iwo anali kumsana kapena ankayenda? Ndiye kuti pakati pa 1914 ndi 1918. Pa njala ya 1949 anali ndi ana angati? Mukatero zaka zimadzitulukira zokha. Funsaninso dzina la phiri, mtsinje, kapitawo, mbewu yomwe inkalimidwa, ndi tchalitchi chomwe mwanayo anabatizidwira.

Apa pafunika ulemu wambiri. Si maukwati onsewa omwe anali ogwirizana. Pa nthawi ya thangata, banja lokhala pa malo a mzungu silinkatha kukana zambiri, ndipo amayi ena anatengedwa asakufuna. Mukaona gogo wangoti zii n'kuyamba kukonza chitenje, sinthani nkhani, mudzabwerenso tsiku lina. Ine nkhani yeniyeni ndinaimva pa ulendo wachitatu, tikusenda chinangwa kuseri kwa nyumba, foni ili m'thumba.

Dzina lachichewa la mzunguyo musalipepule, ngakhale ku Zomba silinandithandize. Mayina otere anakhazikika kuposa enieniwo. John Moir wa kampani ya African Lakes anatchedwa Mandala chifukwa cha magalasi ake, ndipo mpaka lero dera lonse tikulitchula choncho. William Jervis Livingstone wa ku Magomero anthu ankamuti Listonia. Ngati dzina lomwe mwamva likumveka ngati lachizungu lopindidwa, lilembeni momwe mwalimvera, kenako mulitchule mokweza kangapo, mukuchotsa mavawelo omwe ife timawonjezera ndi kusinthanitsa "l" ndi "r". Loyamba ndi "Maki" kawirikawiri ndi Mc kapena Mac wa ku Scotland. Malonso ali ndi mayina akale omwe muyenera kufufuzira: Thyolo inkalembedwa Cholo, Mulanje inali Mlanje, Nsanje inali Port Herald, Mangochi inali Fort Johnston. Dziko lenilenilo linkatchedwa British Central Africa mpaka 1907 pomwe linasanduka Nyasaland. Mukalemba "Malawi" pofufuza munthu wa 1898 pa intaneti simupeza kanthu.

Ubwino wa ife a ku Blantyre ndi woti zambiri zili pafupi, ulendo wa minibasi imodzi. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu 1876, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Azungu oyambirira ambiri anabatizitsa ana, kukwatira ndi kuikidwa m'manda pamenepo. Kaonaneni ndi akuluakulu a mpingo, mufotokoze bwino chomwe mukufuna, mupemphe kuona makaundula akale kapena akuuzeni komwe anawasamutsira. Kumanda musangolowako ngati pamsika. Mwambo wathu uja wopempha kaye ugwirenso ntchito ngakhale ogonawo ndi achilendo. Tengani botolo la madzi ndi kabulashi kofewa, osati ka waya, ndipo pitani m'mawa dzuwa likadali chammbali, zilembo zofufutika zimaoneka bwino. Ziliza za anthu a ku Scotland n'zolongolola: zimatchula mudzi womwe munthu anabadwira, nthawi zina ndi dzina la bambo ake. Mzere umodzi wotere ungakupulumutseni miyezi.

Mukachoka pamenepo pitani ku Mandala House, nyumba ya 1882 ija. Pamwamba pake pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe losunga mbiri ya dziko lino. Funsani kaye masiku ndi maola omwe amatsegula. Magazini yawo inayamba kutuluka mu 1948 ikutchedwa Nyasaland Journal, ndipo muli nkhani zambiri za alimi oyambirira a khofi, fodya ndi tiyi, zina zolembedwa ndi ana awo omwe. Ine ndi momwe ndinapezera mayina a azungu atatu omwe anagwirapo ntchito pafupi ndi mtsinje wa agogo uja. Kuchokera pa "mzungu wandevu" kufika pa anthu atatu, tsiku limenelo ndinadya nsima yokoma.

Nyuzipepala zakale ndiye nkhokwe yeniyeni. Yomwe lero timaitcha Daily Times inayamba mu 1895 ngati Central African Planter, n'kukhala Central African Times, kenako Nyasaland Times. Azungu panthawiyo anali ochepa, mazana owerengeka chabe pomwe zaka za m'ma 1900 zinkayamba, moti nyuzipepala inkalemba chilichonse: wafika ndani, wapita kutchuthi ndani, wamwalira ndi malungo ndani, akugulitsa katundu wake ndani. Amishoni nawo anali ndi magazini yawo, Life and Work. Kuwerenga zimenezi kumafuna kudekha kwa woona maso a nkhono, chifukwa mumayenda tsamba ndi tsamba. Musadumphe zotsatsa malonda. Munthu wanga ndinamupeza m'kachidziwitso kogulitsa mfuti, njinga ndi mipando, kokhala ndi mawu oti mwini wake akuchoka m'dziko muno. Chaka chake chinagwirizana ndi zomwe azakhali ananena, zoti agogo anali asanayambe kuyenda.

Tsopano ndiye nthawi ya Zomba, muli ndi dzina lenileni, dera ndi zaka. Funsiranitu za chilolezo ndi malamulo ojambula zikalata musanakwere basi. Dziwaninso kuti mu 1919 moto unatentha ofesi yaikulu ya boma ku Zomba, ndipo mafayilo ambiri a zaka zam'mbuyo anapsa. Makalata omwe abwanamkubwa ankatumiza ku London anapulumuka chifukwa ali ku National Archives ya ku Kew, ku London komweko, m'gulu lotchedwa CO 525. Kuno itanitsani Gazette ya boma, yomwe inayamba mu 1894: mumapezeka malaisensi, olembedwa ntchito za boma ndi zidziwitso za chuma cha masiye. Ngati munthu wanu anafera kuno, funsani fayilo ya chuma chake. Azungu ena, osati ambiri, anatchula ana awo akuda m'mawilo, ndipo ngati wanu anatero ndiye kuti mwapeza umboni womwe palibe angautsutse.

Anthu ambiri amafika akufunsa za Certificate of Claim, zikalata za malo zomwe Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, anayamba kupereka mu 1892. N'zothandiza ngati kholo lanu linali mwini malo, monga Eugene Sharrer kapena abale a Buchanan. Koma azungu ambiri a m'maesiteti anali olembedwa ntchito chabe ndi makampani monga African Lakes, Blantyre and East Africa, British Central Africa Company kapena A. L. Bruce Estates. Kumudzi ankaoneka ngati mwini dziko, pamapepala ali kamnyamata ka kontalakiti. Wanga anali wotero. Ndinenenso pano kwa achibale omwe amandiimbira foni ali ndi chiyembekezo: ntchitoyi sikupatsani esiteti.

Msampha waukulu ndi dzina la bambo. A Buchanan analipo atatu pachibale, John, David ndi Robert, ndiye mukangoona "Mr Buchanan" simunadziwebe kanthu. Nkhani ya ku Magomero ndiyo imandiphunzitsa bwino. William Jervis Livingstone, yemwe anaphedwa mu 1915, sanali mwana kapena mdzukulu wa David Livingstone. Mdzukulu weniweni anali bwana wake, Alexander Livingstone Bruce, mwana wa Agnes, mwana wamkazi wa David. Wotsata dzina lokha akanalumikiza mzere wolakwika n'kusiya woona uli pambali pomwepo. Ine ndinatsata munthu wolakwika miyezi itatu mpaka ndinapeza kuti anafika kuno agogo ali kale ndi mano. Kuyambira pamenepo sindilumikiza mwana ndi kholo popanda maumboni awiri osiyana. M'kope langa munthu aliyense ali ndi tsamba lakelake, ndipo pa mfundo iliyonse ndimalemba chimodzi mwa zitatu: ndaona ndekha, ndamva kwa uje, ndikungoganiza. Zongoganizazo ndimalemba ndi pensulo.

Mukadziwa mudzi wa kwawo ku Ulaya, zotsalazo zimayenda mofulumira mpaka kukwiyitsa. Ku Scotland boma linayamba kulemba obadwa, okwatira ndi omwalira mu 1855, ndipo zonse zili pa webusayiti ya ScotlandsPeople. Kufufuza dzina n'kwaulere, kuona chikalata chenicheni ndiye mumalipira. Chikalata cha imfa cha kumeneko chimatchula makolo onse awiri, kuphatikizapo dzina la mayi asanakwatiwe, ndiye chikalata chimodzi chimakukwezani m'badwo wathunthu. Webusayiti ina yofufuzira mibadwo, FamilySearch, ndi yaulere. Mayina a okwera sitima zochoka ku Britain kuyambira 1890 mpaka 1960 anasungidwa. Kwa oyambirirawo yang'anani opita ku Chinde, doko la ku Mozambique, pomwe ankatsika n'kukwera sitima zing'onozing'ono za mu Zambezi ndi Shire. Njanji yochokera ku Port Herald inafika ku Blantyre mu 1908. Madzulo atatu okha, mwana wanga akundigwirira kompyuta, ndinakwera mibadwo inayi ya mzungu uja, mpaka kwa munthu woluka nsalu m'kamudzi komwe sindingathe kukatchula bwino.

Ndati kukwiyitsa chifukwa cha ichi. Lamulo la 1904 lolembetsa obadwa ndi omwalira linkakakamiza okhawo omwe sanali Aafirika. Ana omwe mzungu anabereka ndi dona wake ankalembedwa m'kaundula wa ku ofesi ya Registrar General, tsiku ndi malo omwe. Agogo anga mulibe. M'kaundula wa ubatizo wa kumudzi muli dzina lawo ndi la mayi awo, pa malo a bambo palibe chomwe chinalembedwa. Ana otere anachuluka ndithu, mpaka mu 1929 ena anakhazikitsa bungwe lawo la Anglo-African Association, koma iwo anali omwe abambo awo anawavomera ndi kuwaphunzitsa. Ambiri anangosungunuka m'mbumba za amayi awo ngati agogo. Ndiye musayembekezere chikalata chimodzi chonena kuti uyu anabereka uyu. Mumamanga umboniwo pang'onopang'ono: munthuyo analipo pamalopo, pa zakazo, ndipo zomwe akuluakulu ananena zikugwirizana ndi mapepala pa mfundo zomwe iwo sakanatha kuziwerenga kwina kulikonse. Kuyezetsa DNA kungatseke mpata wotsalawo ngati muli ndi ndalama ndi wachibale kunja woti akutumizireni zipangizo. Yezetsani wamkulu kwambiri m'banjamo, chifukwa iye ndiye ali pafupi ndi gwero.

Mukapeza zidzukulu za mzunguyo kunja, kalata yoyamba ikhale yaifupi. Nenani kuti ndinu ndani, zomwe mwapeza, ndipo nenani poyera kuti mukungofuna mbiri ndi chithunzi, chifukwa mantha awo oyamba amakhala a ndalama. Ena sayankha. Ine awiri anangokhala chete, wachitatu, mayi wachikulire, anatumiza chithunzi patapita miyezi isanu. Ndevu zija zilipodi, zofika pachifuwa. Mphumi ndi wa amalume anga weniweni.

Pepala la mibadwo lomwe ndamata pakhoma lapendekeka. Mbali ya mzungu yadzaza mpaka m'mwamba, mayina, zaka, ntchito. Mbali ya mayi wa agogo pali dzina limodzi lokha ndi mawu oti anabwera ndi makolo ake kuchokera ku Mozambique, monga Alomwe ambiri omwe anadzakhala m'maesiteti nthawi imeneyo. Ndamva kuti kuseri kwa Luchenza kuli gogo wina wa mbumba yomweyo amene akukumbukirabe dzina la mayi wa mayiyo ndi phiri lomwe anachokera. Shuga ndagula kale, Loweruka ndikwera minibasi yoyamba ku Limbe.