Momwe mungafufutire zolembalemba pa makoma a kwanu

Mukadutsa pa Luchenza, pa Bvumbwe kapena pa Chitakale, muone makoma a zimbudzi za pamsika ndi tinyumba todikiriramo minibasi. Mupezapo mayina a matimu a mpira, manambala a asing'anga, zotukwana zomwe ana a sukulu amawerenga tsiku ndi tsiku, ndi zotsalira za kampeni ya chisankho cha 2025. Anthu khumi odzipereka atha kuyeretsa khoma lotere m'masiku ochepa, bola asathamangire kugula penti asanalione bwino khomalo.

Yambani ndi chilolezo. Ngati ndi golosale kapena mpanda wa munthu, mukaonane ndi mwini wake. Ngati ndi pamsika, mudzere kwa tcheyamani wa msika ndi khansala, iwo akufikitsani kukhonsolo. Mugwirizane zoti zisiyidwe, monga mauthenga a kolera, manambala a nyumba ndi zotsatsa malonda zomwe munthu analipira. Mabokosi a ESCOM musayandikireko. Zikwangwani za pamsewu nazo zisiyeni, chifukwa thina, mankhwala osungunulira penti aja, amawononga kunyezimira komwe kumathandiza madalaivala usiku.

Kenako sankhani nyengo. Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo chomwe chimaononga penti kwambiri ndi chinyontho. Nthawi ya dzinja kapena ya chiperoni khoma limaoneka louma kunja koma m'kati muli madzi, ndipo penti yopakidwa pamenepo imatupa n'kusendeka. Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi yabwino. Mukakayika, matani jumbo pakhoma ndi selotepu mbali zonse, igone usiku. M'mawa mukapeza timadontho kunsi kwake, dikirani kaye. Lachisanu lachiwiri la mwezi, lomwe boma linakhazikitsa mu 2020 kuti likhale tsiku loyeretsa m'madera, mutha kuligwiritsa ntchito pochapa ndi kupala, kupaka kubwere khoma litauma.

Tsopano funso lalikulu: analembera chiyani, nanga analemba pa chiyani?

Makala ndi choko n'zosavuta, koma musayambe ndi madzi. Makala akanyowa amalowerera m'pulasitala ndipo khoma lonse limada. Sesani kaye ndi burashi youma, kenako mutsuke ndi madzi a sopo wa ufa, kuyambira pamwamba kutsika. Mapepala a kampeni anyowetseni ndi madzi ofunda a sopo, mudikire mphindi 15, muwapale ndi sikilepa. Mukakanganula ali ouma amachoka ndi penti yomwe.

Penti yopopera, inki ya maka ndi oyilo wakale wa galimoto ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Amapaka PVA, penti ya madzi ija, pamwamba pa zolembazo, masana khoma n'kuoneka mbee, koma likauma zilembo zija zimatulukiranso ngati mthunzi. Ngakhale mubwereze katatu zimabwerabe, chifukwa penti ya madzi siitsekera inki kapena mafuta. Musayesenso kufufuta ndi thina pakhoma lopenta, amasungunula utotowo n'kuumwaza malo aakulu. Chofunika ndi kukwecha pang'ono ndi sandipepa, kupukuta fumbi, n'kupaka andakoti ya mafuta, penti yoyambira kupaka kunsi ija, pomwe pali zilembo pokha. Igone usiku wonse. Pomwe pali oyilo, mutsuke kaye ndi sopo wambiri, pauma ndiye mupake andakotiyo.

Njerwa zootcha zopanda pulasitala zimamwa utoto ngati siponji. Donthezani thina pa kansalu, dindani pachilembo osatikita, mukwechenso ndi burashi yolimba ya pulasitiki. Burashi ya waya imasenda nkhope ya njerwa zathu zofewazi, n'kusiya chilembo chojambulika mpaka kalekale. Mthunzi ukakanika, kambiranani ndi mwini khoma zoti lipakidwe simenti yamadzimadzi kapena penti. Pa zitseko zachitsulo thina amagwira bwino, koma muyese kaye pakona, muchotse dzimbiri ndi sandipepa musanapake penti ya mafuta.

Khoma likakhala ndi ndere zobiriwira, zomwe kuno sizisowa, sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu anayi a madzi, pakani, mudikire theka la ola, mukwechepo n'kutsukuluza. Liume masiku awiri a dzuwa. Jik musamusakanize ndi mankhwala ena alionse. Ndipo sisitani khoma ndi chikhatho: chikayera ndi ufa, ndiye kuti linapakidwa laimu. PVA siigwira pa laimu, choncho bwerezani laimu yemweyo kapena mupale yense achoke.

Pa kuchuluka kwa penti, malita 5 a PVA amakwana khoma losalala la mamita 10 mulitali ndi mamita 2 kupita m'mwamba, mutapaka kawiri. Lokhakhala limadya yoposa apo. Madzi osungunulira asapitirire theka la lita pachitini chotere, ndipo pakati pa kupaka koyamba ndi kwachiwiri padutse maola atatu kapena anayi. Pakani kuchokera pakona kukafika pakona. Zigamba zamtundu wosiyana zimanyansa, ndipo olemba aja amaziona ngati bolodi lowakonzera.

Ogwira thina ndi Jik avale magolovesi ndi masiki, ndipo ana asapatsidwe ntchito imeneyi. Chitini cha thina chikhale kutali ndi mbaula za pachiwaya ndi osuta fodya. Zotsukira mabulashi musathire m'ngalande, madzi ake amakathera mu Ruo ndi mu Thuchila momwe anthu amatunga. Zisiyeni m'chitini chotseka, zinyalala zikadikha pansi thina wapamwambayo mudzagwiritsanso ntchito.

Penti yotsala, andakoti pang'ono ndi burashi imodzi muzisiye kwa tcheyamani wa msika kapena kwa wagolosale woyandikana ndi khomalo, kuti wina akalembanso pafufutidwe mawa lake lomwe. Chivundikiro chikhomedwe zolimba, ndipo dzina la mtundu wa pentiyo mulilembe pachitini kuti mukadzagula ina idzafanane.