Mwapangana lero, mawa mukwera phiri: yambirani pa foni

Mwafunsa kuti mungakonze bwanji ulendo wadzidzidzi wa ku mapiri a Munali, omwe ali pamsewu wa ku Mazabuka mukangodutsa Kafue. N'zotheka, achimwene, bola muyambe madzulo ano.

Choyamba, tsegulani gulu pa WhatsApp, aliyense anene poyera ngati akupita. Mukadziwa chiwerengero, sonkhani za mafuta kwa munthu mmodzi pa Airtel Money kapena MTN MoMo, kuti m'mawa pasakhale zokokanakokana.

Kenako tsitsani mapu a deralo pa Google Maps muli konkuno ku Lusaka. Apa ndikutsindika kwambiri: m'zigwa netiweki imatha kudula, koma mapu otsitsiratu amakuonetsanibe pomwe muli, chifukwa GPS sidalira bandulo. Onaninso zanyengo, makamaka kuyambira Novembala mpaka Epulo, pamene miyala imaterera ndi mvula.

Mafoni agone patchaja, pawabanki ilowe m'chikwama.

Ponyamuka, tumizirani wachibale wotsala kunyumba "live location" ya maola 8 pa WhatsApp, yomuonetsa pomwe muli pamene mukuyenda, mumuuzenso nthawi yobwerera. Mukafika, lonjerani eni mudzi, mupemphe chilolezo ndi kufunsa njira yokwerera, pakuti tinjira tambiri ta m'phiri pa mapu palibe.