Momwe mungamangire leza pa kamkono ka roboti ka Dobot Magician

Ambiri amene ali ndi kamkono ka Dobot Magician muno mu Harare amangokagwiritsa ntchito ndi cholembera basi, pamene kamalandiranso leza yolemba pa thabwa ndi pa chikopa. Ine ndimalembera mayina pa timatabwa tokolekera makiyi, ndipo amayi a mumpingo kwathu ku Mufakose amatigula ngati mphatso za pa ukwati. Mphamvu ya leza yake ndi 500mW, ndipo nambala ya mtundu wa kuwala kwake ndi 405nm. Imangowotcha pamwamba, thabwa sidula, ndipo pa chitsulo sisiya chizindikiro chilichonse.

Yambani ndi magalasi oteteza maso. M'mashopu ena m'tauni adzakupatsani magalasi akuda wamba n'kunena kuti ndi a leza, mtengo wake wotsika mosangalatsa. Asiyeni. Enieni amalembedwa manambala a kuwala komwe amatchinga, ndipo 405 iyenera kukhala m'kati mwake, komanso pamakhala zilembo za OD, zosonyeza mphamvu yomwe magalasiwo amatchingira kuwala. Kuwala kumeneku kumaononga diso ngakhale kutachita kunyezimira kuchokera pa chinthu china, choncho ana asakhale m'chipindamo.

Zimitsani kamkonoko, masulani kabawuti ka kunsonga, chotsani cholembera, lowetsani leza n'kumanga bwino. Waya wa magetsi wa leza ukalowe pa bowo lolembedwa SW4, winayo pa lolembedwa GP5, onse pa mkono pomwepo. Mangani mawayawo ndi tepi kuti asakoke mkono ukamatembenuka. Yatsani, tsegulani DobotStudio, pulogalamu yoyendetsera kamkonoka, pa kompyuta, sankhani Laser, dinani Home kuti mkono upite pamalo ake oyambira.

Tsopano pamene ndikufuna mumvetsere ndi pa kutalika kwa leza kuchokera pa thabwa. Valani magalasi, yatsani leza pa kachidutswa kotaya, ndipo muzikweza kapena kutsitsa mkono pang'onopang'ono uku mukupotokola kagalasi ka kunsi kwa leza, mpaka kadontho kachepe ngati nsonga ya singano. Kadontho kakakula, moto umamwazika, ndiye zilembo zimatuluka zotuwa ndi zonenepa.

Koma kupeza kadontho kabwino pamalo amodzi sikokwanira. Oda yanga yoyamba inali mayina a akwati pa pulayiwudi ya mamilimita 3. Dzina la mkwati linatuluka lakuda bii, koma la mkwatibwi limachita kufuna kupendeka mutu kuti uliwerenge. Ndinaganiza kuti leza yatha mphamvu, ndinatsala pang'ono kuitanitsa ina kunja. Nditagoneka lula pa thabwalo, ndinaona kampata pansi pake. Inali nyengo ya mvula, thabwa linali litamwa chinyontho n'kupindika pang'ono, mbali imodzi itakwera. Kusiyana kochepa kotere kumasokoneza kadontho konse.

Kuyambira pamenepo ndimagoneka thabwa pa thailosi ya pansi, chifukwa ndi yosalala ndipo sigwira moto, n'kulimata ndi tepi m'makona onse anayi. Ndimaliika chapakati pa pomwe mkono umafika. Umatambasuka mpaka masentimita 32, koma ku mapeto kumeneko mizere siyioneka bwino ngati chapakati. Kenako ndimawotcha kamzere kakafupi pa kona iliyonse. Ngati inayi yonse yada mofanana, ndiye ndimadina AutoZ kuti pulogalamu isunge kutalikako. Zikatero musagundenso thebulo.

Za matabwa, musagule chithabwa chathunthu. Akalipentala a ku Glen View Area 8 ndi a ku Siyaso ku Mbare amakhala ndi zidutswa zotsala zomwe amagulitsa motchipa mukakambirana nawo bwino. Tengani lula mukasankhe zowongoka pomwepo, ndipo sankhani zoyera, chifukwa pa thabwa lakuda zilembo sizioneka. Chenjerani ndi ogulitsa chikopa cha pulasitiki n'kumati n'chenicheni. Zambiri zotere ndi za PVC, ndipo utsi wake ndi poizoni, umadyanso chitsulo cha leza.

Zotsalazo n'zosavuta. Lowetsani dzina kapena chithunzi mu pulogalamu, chikokereni pomwe pali thabwa, dinani Start. Zikatuluka zotuwa, chepetsani liwiro. Tsegulani zenera, khalani pomwepo mpaka ithe, madzi ali pafupi. Ngati muli ndi invata, lumikizani pamenepo, chifukwa magetsi akathima pakati pa ntchito muyenera kudinanso Home n'kuyambira pa thabwa lina.